Musanadule felemu: kusandutsa njinga yamoto yakale kukhala scrambler kuno ku Joni

Njinga zamoto zambiri zotsatsidwa pa Facebook Marketplace ndi Gumtree kuti ndi ntchito yosamalizidwa zili ndi mbiri yofanana. Mwini wake anagula njinga yoyenda bwinobwino, sabata lomwelo anatenga chopukusira n'kudula felemu kumbuyo, anataya bokosi la mpweya, anazula mawaya, kenako ndalama ndi chidwi zinathera pomwepo. Chotsala ndi injini pakona, thanki pamwamba pa kabati ndi mabawuti m'chitini cha penti. Ntchitoyi ili ndi ndondomeko yake: mapepala, injini, matayala ndi mashoko, kudula kumabwera pambuyo pake zonsezi zitayezedwa. Amene wasokoneza ndondomekoyi amalipira kawiri.

Scrambler ndi njinga ya pa phula yomwe yakwezedwa pang'ono, yavekedwa matayala a mano, mahandulo otambalala, chishalo chafulati ndi ekizozi yosakhudza miyala. Mipikisano yothamanga m'tchire yomwe inabala mtundu umenewu inayamba ku England mu 1924, ndipo pofika 1962 Honda ndi Ducati anali akugulitsa njinga zotere zochokera ku fakitale. Siyolumphira zitunda ngati ya motocross. Ntchito yake ndi kukufikitsani ku ntchito mkati mwa sabata, Loweruka n'kukwera nayo Breedtsnek ku Magaliesberg kapena misewu ya m'mafamu cha ku Cullinan. Kwa ife ambiri palinso cholinga china: kuti tsiku lina ikatsike pa M1 ya kumudzi, osati iyi yodutsa pa Braamfontein, n'kulowa msewu wa fumbi mpaka pakhomo.

Posankha njinga yoyambira, kulemera ndiko kumalamula. Ya silinda imodzi kapena awiri, yozizira ndi mpweya, ya mashoko awiri kumbuyo, ya masipoko, yosapitirira makilogalamu 170 kapena 180, ndiyo yosavutitsa. Yamaha SR500 yomwe inatuluka mu 1978 inabadwira ntchito imeneyi, kungoti imalira ndi kiki basi ndipo eni ake akudziwa mtengo wake. XS650 ndi yamphamvu koma yolemererapo. Suzuki GN250 imapezeka motchipa ndipo injini yake ndi yopirira. Vuto lake ndi limu la kumbuyo la mainchi 16, lomwe matayala ake a mano ndi osowa, choncho muwerengeretu ndalama yolukitsa limu la 18. Honda CG125 ndi abale ake a ku China omwe anyamata operekera zakudya amayendera ndi poyambira pabwino kwa amene ali ndi laisensi ya A1, yomwe imalekezera pa 125cc. Kupitirira pamenepo pakufunika Code A.

Honda CB750 isiyeni. Imapitirira makilogalamu 200, mapaipi anayi amadutsa pansi pa injini, ndipo ikagwa mu mchenga mufunika anthu okuthandizani kudzutsa. CX500 imaoneka bwino pa zithunzi koma imayendera shafti, ndiye magiya ake simungawafupikitse ndi masipuroketi.

Tsopano mapepala, amene ambiri amawaona ngati nkhani ya mawa. Nambala ya felemu imadindidwa pakhosi pa njinga pomwe foloko imazungulira, ya injini ili pa injini penipeni. Zonse ziwiri zifanane ndi zomwe zili pa satifiketi ya umwini, imene kumudzi tikanati blue book, chilembo ndi chilembo. Ngati pamalopo pakuoneka kuti panapalidwa kapena panawotchereredwa, bwererani ngakhale mtengo utakoma bwanji. Njinga yopanda mapepala ndi ya sipeya basi, ndipo mlendo wopezeka ndi njinga yobedwa mu Joni nkhani yake siithera pa chindapusa. Amene alibe ID ya dziko lino amayamba watenga traffic register number ku ofesi ya malaisensi, apo ayi njinga singalembedwe m'dzina lake pa eNaTIS, kaundula wa boma wa magalimoto. Lamulo limapereka masiku 21 osinthira umwini, ndipo pamafunika satifiketi ya roadworthy, yotsimikiza kuti njinga ndi yoyenera kuyenda pamsewu.

Apa ndi pamene ndondomeko imakupulumutsani. Pitani nayo ku roadworthy ikadali mmene inachokera ku fakitale, ili ndi madigadi, magalasi, ma indicator ndi ekizozi yake, ilembedwe m'dzina lanu, ndiye muyambe kumasula. Woyeza akaona felemu yodulidwa amayamba mafunso omwe njinga yathunthu sikanawadzutsa. Mukadzasintha injini, nambala yatsopanoyo imafuna police clearance kuti ilowe m'kaundula. Funsaninso ngati njinga sinalembedwe Code 3, kutanthauza kuti inachita ngozi yaikulu n'kumangidwanso, chifukwa a inshulansi amaikayikira ndipo mtengo wake pogulitsa umatsika.

Ikalembedwa m'dzina lanu, musanayambe kumasula, iyendetseni milungu ingapo osasintha kanthu. Injini yotulutsa utsi wa buluu, giya yothawa, kilatchi yoterera, zonsezi zimadziulula panjira, ndipo ndi bwino kuzidziwa musanagule chishalo. Yezani compression, mphamvu yomwe pisitoni imapanikizira mpweya mu silinda, injini ili yotentha, throttle (chogwirira chowonjezera moto) itatsegulidwa yonse. Mabuku a njinga amalemba manambala a m'mbali mwa nyanja, pomwe Joni ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 ndipo mpweya wake ndi wopepuka ndi maperesenti pakati pa 15 ndi 20. Injini yomwe buku likuti ipereke 12 bar, kuno ikapereka cha m'ma 10 ilibe mlandu. Chofunika kwambiri pa ya masilinda awiri ndi chakuti asasiyane kupitirira 10 peresenti. Ngati nambala yatsika kwambiri, thirani kasupuni kakang'ono ka oyilo pa bowo la pulagi n'kuyezanso. Ikakwera, ma ring a pisitoni atha. Ikakhala pomwepo, vuto lili ku mavalavu, ndipo muyambe mwaona mpata wake musanamasule mutu wa injini, chifukwa valavu yothina imatsitsanso compression.

Batire yabwino imaonetsa 12.6V njinga itazima, ndipo injini ikamalira cha pa 4,000 rpm iyenera kufika pakati pa 13.5 ndi 14.5V. Kuposa 15V ndiye kuti regulator, yomwe imaletsa magetsi kupitirira muyezo, yafa ndipo ikuphika batire.

Matayala ndiwo amasintha njinga kuposa china chilichonse, ndipo ndi pomwe anthu amanamizidwa ndi maso. Tayala la mano akuluakulu ngati Continental TKC80 limagwira m'matope ndi m'miyala, koma limatha msanga pa phula ndipo pa mvula ya masana ya mu Disembala, pamzere woyera wa pa loboti, limaterera. Walira mvula walira matope. Kwa munthu amene ulendo wake wambiri ndi wa mu tauni, Heidenau K60, Mitas E-07 kapena Shinko 705 ndi zomveka. Tsatirani kukula kwa limu. Limu la mainchi 2.15 limalandira bwino 4.00-18, mukakakamizapo la 130 kapena 140 kuti lioneke lonenepa, tayalalo limafinyika, limasongoka pakati, ndipo gawo logunda pansi limachepa m'malo mokula. Siyani mpata wa mamilimita osachepera 10 pakati pa tayala ndi tcheni, swingarm (mkono wogwira wilo la kumbuyo) ndi madigadi, pokumbukira kuti tayala limafufuma likathamanga ndipo matope amafunanso malo. Pogula la kaunjika, werengani manambala anayi omaliza a DOT m'mbali mwake: 2319 ndi sabata la 23 la chaka cha 2019. Tayala la zaka zoposa zisanu kapena zisanu ndi chimodzi limauma ngakhale mano akadali athunthu. Malimu a masipoko amafuna chubu chatsopano ndi lamba wophimba mitu ya masipoko. Pa fumbi mutha kutsitsa mpweya kufika cha pa 1.6 bar, koma osapitirira apo ngati palibe rim lock, kachitsulo kopanikiza tayala ku limu, chifukwa tayala limazungulira pa limu n'kuzula valavu ya chubu.

Mashoko a kumbuyo ndi gawo lofunika kudekha nalo, chifukwa kusintha kumodzi kumakoka zinthu zinayi. Yezani akale kuchokera pakati pa bowo la mmwamba kufika pakati pa la mmunsi, ndipo atsopano asatalike kupitirira mamilimita 20 kapena 30. Choyamba kusokonekera ndi tcheni. Swingarm ikapendekera pansi kwambiri, tcheni imayamba kudya pamwamba pake pafupi ndi pivot, pomwe swingarm imamangirira ku felemu, ndiye pamafunika kapulasitiki kolimba kotetezera. Kulefuka kwa tcheni komwe buku linalemba sikugwiranso ntchito. Tcheni imakungika kwambiri pamene sipuroketi ya kutsogolo, pivot ya swingarm ndi ekiselo ya kumbuyo zili pa mzere umodzi. Chotsani mashoko, kwezani wilo mpaka zitatuzi zifole, ikani kulefuka kwa mamilimita 10 mpaka 15 pamenepo, bwezerani mashoko, muyezenso njinga ili chiimire, ndipo nambala imeneyo muilembe pakhoma la galaja. Mukaikunga ngati kale, pa bampu yoyamba idzakoka bearing ya giyabokosi, ndipo imeneyo kuti muisinthe mpaka injini ing'ambidwe pakati.

Chachiwiri ndi buleki ya kumbuyo ya dramu yokokedwa ndi ndodo: swingarm ikasuntha malo, ndodoyo imatha kumanga buleki yokha wilo likamakwera ndi kutsika, choncho yesani ndi manja mashoko asanabwerere. Chachitatu ndi sitandi ya m'mbali yomwe tsopano yafupika, njinga n'kumapendekeka moopsa; iwonjezereni chitsulo. Chachinayi n'chimene chimagwetsa anthu. Kukweza kumbuyo kokha kumaimiritsa foloko, njinga imakhota mofulumira ndipo mahandulo amanjenjemera pa msewu wa mabampu ang'onoang'ono. Kutsogolo kuyenera kukwera nawo, mwina ndi wilo la 19 m'malo mwa 18, kapena tayala lalitaliko.

Foloko yakale nthawi zambiri imangofuna kusamalidwa. Khuthulani oyilo wakale, amene amatuluka wotuwa ndi wonunkha, ikani ma seal atsopano ndi oyilo wa 10W kapena 15W pa muyezo wa m'buku. Ngati mapaipi ali ndi timaenje ta dzimbiri pomwe seal imadutsa, seal yatsopano idzang'ambika mwezi usanathe. Apititseni kokaikidwa hard chrome kapena pezani ena. Valikani mphira zopindikapindika zotchinga fumbi. Mangani cable tie pa paipi, khalani panjinga mutavala zonse, muone kuti yatsika bwanji. Iyenera kudya pafupifupi gawo limodzi mwa atatu a ulendo wonse wa foloko, kumbuyonso chimodzimodzi. Ikatsika kwambiri, kapaipi ka mamilimita 10 mpaka 20 pamwamba pa sipuling'i kamathandiza. Pa njinga zakalezi madigadi achitsulo a kutsogolo amagwiranso ntchito yomanga miyendo iwiri ya foloko pamodzi. Mukawachotsa kuti muike okwera apulasitiki, ikani fork brace, apo ayi kutsogolo kumapotokola mukamanga buleki.

Mahandulo ambiri a njinga zimenezi ndi a mamilimita 22. Otambalala cha pa mamilimita 800 amapatsa mphamvu pa miyala, koma mu tauni muziwakumbukira polowa pakati pa mateksi. Akakwera ndi kutambalala, makebulo a throttle ndi kilatchi ndi paipi ya buleki zimafupika. Lizani injini, tembenuzani mahandulo mbali zonse mpaka pomaliza. Injini ikakweza mawu yokha, kebulo ikukokeka ndipo musayende nayo. Paipi ya buleki ya zaka 30 isinthidwe ndi yolukidwa ndi waya, muthire mafuta a buleki a DOT 4 atsopano. Nsapato za dramu zakale zimamatuka, ndipo fumbi lake musalipemerere ndi kompresa chifukwa zina zili ndi asbestos.

Magiya ndi masamu ochepa. Sipuroketi za mano 15 kutsogolo ndi 41 kumbuyo zimapereka 2.73. Mukaika 14 kutsogolo zimakhala 2.93, kusintha kwa 7 peresenti, kofanana ndi kuwonjezera mano atatu kumbuyo. Njinga imanyamuka mwamphamvu ndipo imakwera phiri osawotcha kilatchi, koma pomwe inkathamanga 100 km/h tsopano ndi 93. Pa 250cc yomwe iziyendanso pa N1, musapitirire dzino limodzi. Tcheni ndi masipuroketi zisinthidwe pamodzi.

Tifike pa kabuleta, pomwe njinga zambiri zokongola zimasanduka zosayendeka. Aliyense amafuna kuchotsa bokosi la mpweya kuti pansi pa chishalo paoneke mbee, n'kuika timafyuluta tooneka ngati kapu. Maganizo anga ndi akuti bokosi lisiyidwe. Makabuleta a CV, aja okhala ndi mphira yopyapyala pamwamba, amadalira mpweya wodekha wa m'bokosi kuti slide, kachitseko kotsegulira mpweya, ikwere bwino. Mukalichotsa njinga imatsamwa pakatikati ndipo mphepo ya m'mbali imaisokoneza. Kuyambira Okutobala mpaka Malichi fyuluta ya pamtunda imamwa mvula ndi madzi a tayala la kumbuyo, ndipo mu Ogasiti imameza fumbi la mphepo ndi la m'milu ya migodi. Fumbi likalowa limapala silinda ngati sandpaper. Ngati mwatsimikiza mtima kulichotsa, gulani fyuluta ya siponji yopaka oyilo wake, muitchingire kumbuyo, ndipo kapaipi kopumira injini komwe kamalowa m'bokosi mukapatse kafyuluta kakekake.

Mpweya ukachuluka chifukwa cha fyuluta kapena ekizozi yotseguka, petulo amachepa mu msakanizo ndipo injini imatentha. Petulo mu kabuleta amayezedwa ndi timabowo totchedwa ma jet. Pilot jet imalamula kuyambira pa idle, injini ikungolira yokha, kufika kota ya throttle, singano imalamula pakati, main jet imalamula kuyambira makota atatu kufika pomaliza. Sinthani chinthu chimodzi, sitepe imodzi, muyende, mulembe. Manambala a Mikuni ndi a Keihin safanana ngakhale atalembedwa mofanana. Injini ikamaphulika mu ekizozi mukasiya throttle, kapena ikachedwa kutsika ku idle, petulo wachepa mmunsi. Ikamachita chibwibwi, kununkha petulo ndi kudetsa pulagi ndi mwaye, wachuluka. Pulagi yabwino imaoneka ngati tiyi wothira mkaka. Yoyera mbuu ndi chenjezo loti pisitoni ili pangozi.

Manambala a ma jet omwe mungawapeze pa intaneti ambiri anayesedwa kumadera otsika, ndiye kuno amathira petulo wochuluka. Mbali inayo ndiyo yoopsa. Njinga yotcheredwa ndendende pa mpweya wopepuka wa Joni ikatsikira ku Durban imalandira mpweya wambiri pa petulo yemweyo. N'chimodzimodzi ikamapita kumudzi kudzera ku Beitbridge ndi Nyamapanda n'kutsikira ku Tete, kotsika ndi kotentha, itasenza katundu, kapena ikakakhala ku Mangochi ndi ku Nsanje. Ngati ulendo umenewo uli m'maganizo, main jet ikhale sitepe imodzi pamwamba, kapena yendani ndi ina m'thumba pamodzi ndi sikuludiraiva yake.

Ekizozi yokwera m'mbali ndi chizindikiro cha scrambler, komanso ndi imene imawotcha ntchafu. Pamafunika chotchinga chachitsulo chokhala ndi mpata wa mpweya pakati, ndipo paipi idutse kutali ndi paipi ya petulo, mawaya ndi shoko. Nsalu yokulunga ija imasunga chinyezi n'kudyetsa paipi ya chitsulo wamba ndi dzimbiri. Mangirirani silencer ku felemu kudzera pa mphira, chifukwa ikalendewera pa mabawuti a mutu wa injini okha imawathyola. Njira yotchipa ndi kusiya paipi ya pansi, kukweza silencer yokha, n'kuika mbale ya aluminiyamu ya mamilimita 3 kapena 4 pansi pa injini, yokhala ndi bowo lokhuthulira oyilo. Za phokoso, amene mukuchita lendi kuseri kwa nyumba ya eni ku Rosettenville kapena ku Mayfair mukudziwa kale kuti baffle, kachitsulo kochepetsa phokoso mkati mwa silencer, ikhalemo.

Pano ndiye chopukusira chituluke. Chotsani thanki, batire, CDI (kabokosi kopereka moto ku pulagi) ndi regulator wowotcherera asanayatse makina. Dulani kumbuyo kwa pomangira mashoko, osati patsogolo pake, chifukwa pamenepo ndi pomwe pamasenza katundu yense. Paipi yopinda yotsekera kumbuyo ikhale yofanana kukula ndi ya felemu, khoma lake mamilimita 1.6 mpaka 2. Musangogundanitsa mapaipi n'kuwotcherera. Lowetsani kachitsulo mkati molumikiza mbali ziwirizo, boolani timabowo m'mbali, awotcherere pa timabowopo komanso kuzungulira mpata. Amene amawotcherera mageti ndi mabagalabazi ndi ndodo za arc asagwire ntchitoyi ngakhale ali m'bale wanu. Paipi yopyapyala imafuna makina owotcherera a MIG kapena TIG, ndipo ma engineering shop a ku Booysens ndi ku Selby ali nazo. Asanamalize, gwirizitsani ndi timadontho, chotsani mashoko, kwezani wilo mpaka pomwe shoko ingathere, muone kuti tayala silikugunda paipi, madigadi, nyali kapena bokosi la batire. Ngati muzinyamula munthu kapena thumba la ufa, felemu musaifupikitse n'komwe.

Chishalo chopyapyala cha pa zithunzi chimatopetsa musanafike ku Hartbeespoort. Siponji yolimba ya mamilimita 50 kapena 60, yofewa pang'ono pamwamba, pa mbale ya chitsulo kapena fibreglass yomangidwa ndi mabawuti. Atelala athu ali mbwee ku Fordsburg, koma funani amene ali ndi makina osokera mipando ya galimoto, ndipo misoko imatidwe mkati kuti madzi asalowe mu siponji.

Pa magetsi, musadule waya musanaujambule ndi kuumata dzina. Ma indicator a LED amaphethira mothamanga mpaka mutaika relay ya LED, ndipo ngati pa dashi pali kababu kamodzi ka mbali zonse, anayi onse amayaka limodzi mpaka mutaika ma diode awiri. Batire ya lithium ndi yaing'ono yosavuta kubisa, koma regulator yakale yopitirira muyezo imaiwononga, choncho zisinthidwe limodzi. Nyali ya kutsogolo m'dziko lino imayaka usana ndi usiku pa njinga yamoto, ndiye ikhale yowunikira msewu, osati yokongoletsa. Nyali ya buleki, reflector yofiira, hutala, galasi ndi nambala yooneka bwino kumbuyo zisasowe, chifukwa apolisi a mu mzinda a JMPD amayambira pamenepo.

Penti ndi yomaliza, njinga itamangidwa yonse, itayenda, n'kumasulidwanso, kuti pasadzapezeke kachitsulo koiwalika kofuna kuwotcherera pa felemu yopentedwa kale. Popita ku powder coating, penti ya ufa yowotchedwa mu uvuni, phimbani nambala ya felemu, mabowo a mabawuti ndi mokhala ma bearing, ndipo pobwera palani pomwe waya wa earth amagwira, chifukwa njinga zambiri zimakana kulira pa chifukwa chimenechi chokha. Thanki ya dzimbiri mkati imayera ndi viniga wogonamo masiku awiri kapena atatu, kenako kutsukuluza ndi madzi a soda, kuumitsa msanga ndi kuika fyuluta pa paipi ya petulo. Penti ya m'chitini chopopera imasungunuka ndi dontho loyamba la petulo pokhapokha itaphimbidwa ndi vanishi yolimba ya 2K clear, yomwe imafuna chotchinga mphuno chenicheni popopera. Thanki yomwe munakhalapo petulo isayandikire moto wowotcherera isanatsukidwe ndi odziwa.

Mukayenda makilomita 100 oyamba, bwererani pa bawuti iliyonse ndi sipanala, makamaka za ekizozi, mbale ya pansi ndi chishalo, ndipo zomwe zamasuka muzipake thread lock ya buluu, guluu woletsa mabawuti kumasuka. Gogodani masipoko limodzilimodzi: lolira mogonthera lalefuka, likungeni kota ya kuzungulira basi, kenako muone ngati limu silikuyenda njoka. Tcheni yatsopano imatalika pang'ono masiku oyamba, muiyeze ndi nambala ija ya pakhoma. Ekizozi yakale, bokosi la mpweya, madigadi ndi ma indicator a fakitale musagulitse. Tsiku logulitsa njinga padzafunikanso roadworthy, ndipo zina mwa izo zidzayenera kubwererapo.